Matewere ndi Chinjinga Chake Chosakankhika

Blackson Matewere anafika ku Chitipa m'chaka cha 1997 atakhala pamwamba pa matumba a feteleza, pa lole imene inagona panjira kuchokera ku Karonga. Kwawo ndi ku Phalombe. Boma linamutumiza kudzakhala mlangizi wa zaumoyo, ndipo iye ankauza aliyense kuti akhala zaka ziwiri zokha kenako apempha kusamutsidwa. Zaka ziwirizo zinatalika mpaka kukwana makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Anyamata ambiri a ku Lufita amene lero akumeta ndevu ali ndi chipsera cha katemera wa Matewere pamkono. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Koma makani, abale inu, munthuyu anabadwa nawo. Mutamuuza kuti malaya ake akupsa, amayamba wafunsa kuti wakutumani ndani.

Anakwatira Eneless Namfukwe wa ku Kaseye, mayi wofatsa wodziwa kusoka. Achibale a mkazi anatchula ng'ombe zinayi za malowolo. Matewere anapereka zonse, koma pakamwa sipanatseke. Tsiku laukwati lenilenilo, anthu akudya, anauza mnzake wa kumwera mokweza kuti kwawo ku Phalombe mkazi sagulidwa ngati mbuzi ya pamsika. Elijah Simfukwe, mchimwene wake wa Eneless, anali atakhala kumbuyo kwake ndipo anamva. Kuyambira tsiku limenelo alamu awiriwa akhala akupatsana moni wa pakamwa pokha. Elijah ndi fundi wokonza njinga zamoto, ali ndi kashedi ka malata pa Lufita, ndipo bambo awo atamwalira ndi iye amene anatsala woyang'anira malo a banja ku Kaseye.

Zaka zonsezo Matewere anayenda m'midzi ndi bokosi la katemera kumbuyo, poyamba pa njinga yakapalasa, kenako pa tinjinga tamoto ta mabungwe, tija timanjenjemera mpaka matako kuchita dzanzi. Msana wake unathera pamenepo. Nthawi zina pa Boma pankadutsa alendo ochokera kutali pa zinjinga zikuluzikulu za mabokosi m'mbali, n'kuima pomwetsera mafuta. Matewere ankasiya chimene akuchita n'kumaziyang'ana mpaka zitapita. Sanauzepo munthu, koma mumtima analumbira kuti asanafe adzakwera njinga yosapweteka msana.

Mwezi wa Juni chaka chatha anapuma pantchito ndipo ndalama zake zopumira zinatuluka. Kalata inanena kuti nyumba ya boma ya pa Lufita aituluke pofika kumapeto kwa Seputembala. Eneless ananena zanzeru, kuti agule kapuloti pa Boma amange ngakhale zipinda ziwiri. Matewere anayankha kuti munthu wa kwawo sagula dothi m'dziko la eni, malo akumudikira ku Phalombe. Sabata yomweyo anamva kuti Arthur, bwana wina wa pachipata cha m'malire amene ankasamutsidwa, akugulitsa njinga ziwiri zazikulu zimene anaitanitsa kudzera ku Dar es Salaam.

Anaziyesa zonse ziwiri pamsewu wa phula wopita ku Karonga. Yofiira inali ya mapisitoni awiri, yaitali miyendo, yopepukirapo. Pamakona inkamvera bwino, koma ikathamanga inkanjenjemera pang'ono m'manja, ndipo Matewere atangomva kunjenjemerako anakumbukira tinjinga ta mabungwe, nkhope n'kukwinyika. Yabuluu inali ya mapisitoni anayi, yaifupi, yonenepa, yokutidwa ndi mapulasitiki kutsogolo moti mphepo inkadutsa pamwamba pa mutu. Imeneyo sinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Inkangoyenda myaa, mpando wofewa, kulira kwake kochokera pansi pamtima. Atatsika, Matewere anagwira msana wake n'kupeza kuti sukuwawa.

Eneless, poona kuti mwamuna wake wapenga nazo, anakapempha Elijah kuti akaziyang'ane. Elijah anapita monyinyirika. Anagwada, anasuzumira kunsi, anakanikiza matayala, anayesa kuidzutsa iliyonse payekha.

"Alamu, zonse ziwirizi si za kuno," anatero Elijah. "Koma ngati mwatsimikiza, tengani yofiirayi. Matayala ake amapezeka ku Mbeya, mafuta imamwa mwaulemu, ndipo batire likafa munthu mmodzi akhoza kuikankha n'kulira. Yabuluuyi yayi. Tayala lake limodzi mugula matayala asanu ndi limodzi a kabaza, ndipo mudikira mwezi kuti lifike. Kiki yolizira ndi phazi ilibe. Mimba yake ili pansi, ku Kaseye izikhula miyala. Ikagwa mufunika amuna atatu."

"Inu alamu mumadziwa tinjinga tonyamula nkhumba," anayankha Matewere. "Izi ndi makina a anthu amene anapita kusukulu."

Elijah anapukuta manja pa ovolosi n'kubwerera ku shedi yake. Kunena zoona, mpaka nthawi imeneyo Matewere anali asanasankhe. Koma poti Elijah watchula yofiira, anagula yabuluu, ndipo ndalama zopumira zinatsala zongokwana mafuta ndi thumba la shuga.

Ulendo wa ku Phalombe ndiwo unali masiku abwino kwambiri pa moyo wake, ndipo mpaka lero akaufotokoza maso amawala. Anatsika mapiri a ku Karonga akupendekeka pamakona ngati mnyamata, anakwera Chiweta malole akumupatsa njira, anagona ku Mzuzu ndi ku Ntcheu. Apolisi a pamsewu ankamuimitsa kuti angoiona njingayo n'kufunsa liwiro lake. Anafika kumudzi tsiku lachitatu msana uli bwinobwino, ana akuthamanga kumbuyo kwake.

Alongo ake anamulandira ndi nkhuku, koma atatchula za malo anayang'anana. Wamkulu ndiye anayankha.

"Achimwene, mwaiwala kodi? Malo ano ndi athu akazi ndi ana athu. Mwamuna amakamanga kwa mkazi wake. Kubwera kudzationa bwerani, mphasa ilipo, koma pomanga palibe. Nanga zaka zonsezi kwa alamu athuwo sanakupatseni pokhala?"

Apa ndi pamene mutu wa Matewere unazungulira. Kwawo, mwamuna amatsatira mkazi. Kwawo kwa Eneless, mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe amatsatira mwamuna, ndipo mkamwini samanga pamalo a apongozi. Mbali iliyonse inkamuloza kwa inzake. Anabwerera ku Chitipa ali ndi thumba la nandolo m'bokosi la njinga, kwatsala miyezi iwiri kuti atuluke m'nyumba ya boma, ndipo analibe poika bedi.

Eneless sanamunyoze, ngakhale kuti akanamunyoza palibe akanamudzudzula. Anamanga chitenje n'kupita kwa mchimwene wake kukagwada. Anapita katatu. Ulendo wachitatu Elijah anati chabwino, aitana achibale Loweruka lachiwiri la Seputembala ku Kaseye, nkhani ikakambidwe. Sanalonjeze kanthu.

Pamenepo n'kuti chinjinga chija chitayamba kuonetsa khalidwe lake. Tayala lakumbuyo linabwera ku Phalombe litasalala. Tcheni inayamba kulira. Mafuta atasowa pa Boma, a kabaza ankagula malita awiri kwa mavenda n'kugwira ntchito tsiku lonse, pamene cha Matewere malita awiriwo chinkangotsukira m'kamwa. Kenako batire linafooka, ndipo lofanana nalo silinapezeke pa sitolo iliyonse ya pa Boma. Eneless anayesa kufunsa Elijah ngati angathandize. Elijah anayankha kuti iye sanapite kusukulu, makina a anthu ophunzira sawadziwa. Matewere atamva anati ngakhale atamulipira sangalole zala za munthu ameneyo pa njinga yake. Anaphunzira kuiimika pamtunda wa kuseri kwa nyumba, n'kumatsetsereka nayo mpaka italira. Ikazima pamalo athyathyathya, basi, inali mwala.

Loweruka lija kutacha, foni ya Matewere inalira kawiri. Anaona dzina la Elijah n'kuibwezera m'thumba. Anaganiza kuti mlamuyo akufuna kumukumbutsa nthawi ngati mwana wasukulu.

"Bambo a Tadala, tiyeni tikwere kabaza," anatero Eneless. "Njinga yanuyi msewu wa kwathu siiudziwa."

"Ndikafike kwanu nditakumbatira mnyamata wa kabaza ngati wodwala? Akaone kuti amene akubwerayu si wopemphetsa."

"Koma tikukapempha."

Matewere anavala chipewa chake cha njinga ngati sanamve. Anatsetsereka, njinga inalira, Eneless anakwera kumbuyo.

Atasiya phula, zonse zimene Elijah ananena zinayamba kuchitika chimodzichimodzi, ndipo chimenecho ndicho chinkamupsetsa mtima kwambiri. Mimba ya njinga inkagunda miyala. Mumchenga chiwongolero chinkakana kumvera, manja anatopa, thukuta linadzaza m'chipewa. A kabaza atanyamula matumba a chimanga ankawapitirira akuimba mluzu. Anawoloka kamtsinje kouma kamene kali pansi pa mtunda womaliza, kwatsala pang'ono kufika kwa a Simfukwe, ndipo atangokhota anaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu.

Palibe Mmalawi amene sadziwa masamba amenewo. Pamudzi pagwa maliro. Wa njinga yakapalasa amatsika, wa njinga yamoto amazimitsa n'kukankha, wovala chipewa amavula, mpaka atadutsa masamba achiwiri kutsogolo. Matewere ankazidziwa bwino kuposa ambiri. Iye yemweyo anakalipirapo alangizi achinyamata ochokera m'tauni chifukwa chodutsa pamasamba akuliza wailesi.

Anaima, mapazi pansi, injini ikulirabe. Eneless anatsika msangamsanga, anakonza chitenje, n'kumugwira paphewa.

"Zimitsani."

Matewere anayang'ana kutsogolo. Masamba achiwiri anali pamwamba pa mtunda, ndipo pakati ponsepo panali mchenga. Kumanzere, pakhomo pa nyumba ya njerwa zootcha, amayi anali atakhala pansi akuimba. Kumanja, pansi pa mitengo ya mango, panali amuna. Bambo wina wachikulire anakweza dzanja n'kulipotoza ngati akutseka kiyi. Ndipo pakati pa amunawo, pa benchi yakutsogolo, panali Elijah, atapinda manja, akumuyang'ana.

Anawerengera mwachangu. Akazimitsa, siilira. Kukankha yekha pamchenga wokwera, sangasunthe ngakhale phazi limodzi. Ndiye kuti ayenera kuvula chipewa, kupita pansi pa mango paja, n'kupempha amuna kuti amukankhire, Elijah akuonerera. Amuna atatu, monga momwe mlamuyo ananenera. Mtima wake unakana. Anadziuza kuti adutsa pang'onopang'ono, mwakachetechete, injini ikungong'ung'udza, anthu amvetsa.

"Bambo a Tadala, ndati zimitsani," anabwereza Eneless.

Iye anaponda giya.

Mapazi khumi oyamba inayendadi mwaulemu. Kenako tayala losalala lija linalowa mumchenga n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi. Njinga inapendekeka, ikufuna kugwa ndiponso ikufuna kuzima. Matewere anapotoza dzanja kuwonjezera moto. Mapisitoni anayi aja analira onse pamodzi, kulira koti nkhuku zinabalalika ndipo makanda anayamba kukuwa kumsana. Mchenga ndi fumbi zinaulukira kumanzere, pa amayi, pa madengu a ufa amene anthu anabweretsa kudzapepesa, mpaka pakhomo pamene panagona mtembo. Nyimbo inadukira pakati. Njinga inadumpha, inapepeluka uku ndi uku, n'kukwera mtunda wonse ikubangula.

Anakaima kuseri kwa masamba achiwiri. Ngakhale pamenepo sanazimitse, poti pamalopo panali pathyathyathya. Anakhala pampando kudikira Eneless, injini ikulira, mudzi wonse uli chete. Atacheuka anaona mkazi wake akuyenda chogwada kulowa pakati pa amayi, atafunda chitenje kumutu. Sanayang'ane kumtunda ngakhale kamodzi.

Amene anabwera ndi Elijah. Anakwera mtundawo osafulumira, anafika, anatambasula dzanja n'kupotoza kiyi. Njinga inati zii.

"Ndinakuimbirani kawiri m'mawa," anatero.

"Batire ndi lakufa, alamu. Ndikanazimitsa sikanalira."

"Mukanazimitsa tikanakankha. Ine ndemwe ndikanayamba kudzuka. Pamaliro sitisankha womukankhira."

Matewere anavula chipewa tsopano, mochedwa. Anafunsa kuti wamwalira ndani.

"Mayi Justina, akazi awo a bambo Silungwe. Atisiya m'bandakucha. Ndimafuna ndikuuzeni kuti msonkhano kulibe, mubwere ngati olira." Elijah analoza kuseri kwa nyumba ya njerwa ija, kumene kunali munda wosalima. "Mukuona apo? Lachinayi ine ndi bambo Silungwe tinakhoma zikhomo zinayi. Achibale ndinali nditawagonjetsa kale, Loweruka lino linali longokuuzani. Malo athu anachepa, sakanakwana nyumba ndi dimba. Bambo Silungwe anawonjezera mizere khumi ya munda wawo. Anati munthu amene anabaya katemera ana awo onse asanu ndi awiri, akuyenda pamvula, sangasowe pogona ku Kaseye. Ndi bambo aja amakuuzani ndi dzanja kuti muzimitse."

Matewere anatembenuka n'kuyang'ana kumunda kuja.

"Musaganize kuti ndinachitira inu," anapitiriza Elijah. "Inu ndimadana nanu chomene, ndipo mukudziwa. Ndinachitira mlongo wanga. Mwezi ndi theka ndakhala ndikunyengerera anthu chifukwa cha munthu amene amati tinamugulitsa mkazi ngati mbuzi. Lero mwathira mchenga mu ufa wa maliro."

"Ndipita ndikapepese."

"Lero ayi. Mukatsika pano ana awo a mayi Justina akuphwanyani, ndipo ine sindiletsa."

Elijah anabwerera kumaliro. Matewere anatsala pambali pa msewu ndi chinjinga chake, dzuwa likukwera. Anthu ankadutsa kupita kukalira, ena atasenza nkhuni, ena madengu. Ambiri ankamudziwa, ena anawapimapo ana pa sikelo. Kuno munthu sadutsa mnzake osamupatsa moni wa mwaghona, ngakhale mlendo, ngakhale woledzera. Tsiku limenelo anamudutsa onse ngati chitsa. Madzulo anakalemba ganyu ngolo ya ng'ombe ku mudzi wina, ndipo chinjinga cha mapisitoni anayi chinabwerera ku Lufita chitagona chammbali, chitamangidwa ndi zingwe, kudzera njira yozungulira.

Patapita sabata anatumiza mbuzi ndi thumba la ufa kudzera kwa akulu a mpingo. Mbuzi inalandiridwa. Zikhomo zinayi zija ana a bambo Silungwe anali atazizula kale tsiku loika maliro, ndipo achibale a Eneless anauza Elijah kuti nkhani ya mkamwini asadzaitchulenso. Elijah sanaitchulenso, ndipo sindikhulupirira kuti zinamuvuta.

Kumapeto kwa Seputembala katundu wa m'nyumba ya boma anagawidwa pawiri. Bedi, makina osokera ndi mapoto zinapita ku Kaseye, kumene Elijah anapatsa mlongo wake chipinda m'nyumba ya malemu mayi awo. Matiresi, wailesi ndi njinga zinalowa m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo pa Lufita. Tadala, mwana wawo yekhayo, ndi mphunzitsi ku Nsanje ndipo amakhala m'chipinda chimodzi ndi mwamuna ndi ana awiri, choncho kumeneko kunalibe kolowera. Njinga Matewere anaiika pamalonda. Obwera kudzaona ndi ambiri, amaisisita, amajambulitsa nayo, kenako amafunsa mtengo wa tayala n'kutsanzika.

Eneless amabwera Loweruka lililonse pa kabaza kudzamuchapira ndi kumusiyira ndiwo. Mwezi wa Novembala, mvula yoyamba itagwa, anabwera maondo atatupa. Anakhala pa matiresi, poti mpando m'chipindamo mulibe, njinga inatenga malo ake.

"Ndinapita kwa bambo Silungwe," anatero. "Ndinayamba kugwada kuchokera pamsewu mpaka pakhonde."

"Anati chiyani?"

"Anandidzutsa okha. Anandipatsa madzi akumwa. Anati mlandu unatha, mbuzi anadya, alibe nanu chifukwa."

Matewere anaweramira kutsogolo. "Ndiye za malo?"

Eneless si munthu wokometsera mawu, ndipo sanakometsere.

"Anati ine ndine mwana wa pamudzi, pogona panga palipo, ndipo tsiku langa likadzafika manda anga alipo pafupi ndi amayi. Koma inu, anati mukadzamwalira, masamba anu akayale kwanu."

Chigayo chinkalira kuseri kwa khoma, fumbi la ufa likulowa pansi pa chitseko. Matewere anayang'ana chinjinga chake. Anaganiza za alongo ake ku Phalombe ndi mphasa yawo ya alendo.

"Mayi a Tadala," anatero potsiriza, motsitsa mawu, "nanga kwathu ndi kuti?"

Eneless anapinda malaya amene anachapa n'kuwaika pampando wa njinga. Kunja mitambo inali itayamba kuda chakumpoto, ndipo kamtsinje ka ku Kaseye kakadzaza a kabaza sawoloka. Anamanga chitenje, anamuuza kuti nyemba zili mu poto aziwotche zisanasase, n'kutuluka kukaima pamsewu.